Kufomata Si Kukonza

Pali yankho limodzi lomwe ndalimva kwa okonza makompyuta ambiri, kuyambira m'tizipinda ta kumsika mpaka m'mahositelo a pasukulu pano. Munthu ukangonena kuti kompyuta yayamba kuchedwa, kapena ikumangoima, kapena yasiya kulumikizana ndi intaneti, amakudula pakamwa: "Ingoifomatani, achimwene." Kufomata ndiko kufufuta zonse za pa disiki n'kuikamo mapulogalamu mwatsopano. M'nkhani ino ndikufuna kutsutsa chizolowezi chimenechi. Maganizo anga ndi akuti kufomata makina usanadziwe chomwe chawavuta n'chimodzimodzi kumwetsa wodwala mankhwala a malungo usanamuyeze magazi. Mwina achira, mwina sachira, koma iwe suphunzirapo kanthu, ndipo nthawi zina umapha chinthu chomwe umafuna kupulumutsa. Sindikulankhula ngati katswiri wa makompyuta ayi. Ndine wophunzira zilankhulo amene adatsala pang'ono kutaya mawu a agogo ake chifukwa cha malangizo amenewa.

Ndiyambe ndafotokoza makina omwe ndikunena. Kwathu ku Zomba, pansi pa tebulo la pabalaza, pali kompyuta yakale yomwe achimwene anga aakulu adandisiyira posamukira ku Mzuzu. Ilibe sikirini, ilibenso kiyibodi. Ntchito yake ndi kusunga mafayilo n'kumawapereka ku mafoni ndi malaputopu a m'nyumbamo kudzera pa rauta. Kompyuta yogwira ntchito yotereyi ndiyo imatchedwa seva. M'katimo muli madisiki awiri: imodzi yaing'ono ya mtundu wa SSD yosunga mapulogalamu, ina yaikulu ya materabayiti 2 yosunga mafayilo. Achimwene adaikamo Proxmox, pulogalamu yaulere yochokera ku Vienna m'dziko la Austria, yomwe idatuluka koyamba mu 2008. Proxmox imagawa kompyuta imodzi kuti izigwira ntchito ngati makompyuta angapo, ndipo kompyuta yongoyerekeza yotere imatchedwa virtual machine, kapena VM mwachidule. Zili ngati nyumba imodzi yomwe mwini wake waigawa zipinda za lendi: wa lendi aliyense ali ndi khomo lake ndi loko wake, koma maziko, denga ndi mpopi ndi za onse.

Zipinda zathu zidali zitatu. M'chipinda choyamba mudali Kiwix, pulogalamu yomwe imalola azing'ono anga kuwerenga Wikipedia popanda kugula bandulo. Chachiwiri chidali changa chophunziriramo. Chachitatu, chomwe chidali chofunika kuposa zonse, chimasunga mafayilo a banja lonse: zithunzi, mabuku a banki m'khonde yomwe amayi anga ndi mlembi wake, komanso nthano 41 zomwe ndidajambula pa foni kuchokera pakamwa pa agogo anga aakazi kumudzi ku Jali pakati pa 2019 ndi 2021. Agogo adatisiya mu Ogasiti 2021. Nthanozo ndidali nditazichotsa kale pa foni pofuna malo, choncho pa dziko lonse lapansi zidali pamalo amodzi okha, pansi pa tebulo lija.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Miyezi yotsatira magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Disiki yathu yaikulu ija idali ya mbale zozungulira ka 7,200 pa mphindi, kutanthauza ka 120 pa sekondi imodzi, ndipo idali itakalamba kale. Magetsi akazima disiki yotere ili m'kati molemba, kachigawo komwe imalembako kangathe kutsala kosawerengeka. Ine zimenezi sindinkazidziwa. Chomwe ndidamva m'mwezi wa Malichi chidali dandaulo la mlongo wanga wamng'ono lakuti netiweki ya m'nyumba yafa, chifukwa akati atsegule zithunzi foni imangozungulira osaonetsa kanthu. Kwa sabata yathunthu mankhwala anga adali amodzi: kuzula chingwe cha magetsi n'kubwezeranso. Zinkakhala bwino ola limodzi, kenako vuto n'kubwerera. Mnzanga wina wodziwa makompyuta atamva adati, "Aise, usadzivutitse. Loweruka ndibwera tiifomate, ikhala ngati yatsopano."

Adandiletsa ndi amayi. "Iwe, m'menemo muli mabuku a gulu," adatero. "Ukawafufuta ukaima wekha pamaso pa amayi aja." Kenako adafunsa funso lomwe ine wophunzira sindidaliganizire: "Nanga makinawo sanena pomwe pakuwawa?"

Zoona zake n'zakuti amanena. Apa ndi pomwe pagona chifukwa changa choyamba chokanira kufomata: pa seva, malo omwe vuto likuonekera nthawi zambiri si malo omwe vutolo lili. Linux, yomwe Proxmox imakhalapo, imalemba kaundula wa chilichonse chomwe chikuchitika m'makinamo, ndipo munthu amamuwerenga polemba lamulo lakuti dmesg kapena journalctl. Nditamutsegula ndidapeza mizere iwiri yobwerezabwereza. Wina unkati "I/O error, dev sdb, sector" kenako nambala yaitali, wina unkanena kuti ntchito ina yaimitsidwa kwa masekondi opitirira 120. Dzina lakuti sdb lidali la disiki yaikulu ija. Nkhani yonse idamveka tsopano. Disiki ikafika pa kachigawo koonongeka imayesa kukawerenga mobwerezabwereza. Linux imaidikira masekondi 30 isanaidzudzule n'kuyesanso. Nthawi yonseyo VM ya mafayilo ikudikira Linux, foni ikudikira VM, ndipo mlongo wanga akuona kachizindikiro kozungulira n'kumati netiweki yafa. Netiweki idalibe mlandu uliwonse. Wa lendi ankadandaula za chitseko chosatseka pomwe chidasweka ndi maziko.

Disiki nayonso imasunga mbiri ya thanzi lake m'njira yotchedwa SMART, ndipo lamulo lakuti smartctl limaonetsa mbiriyo pa mndandanda wa nambala. Zinayi mwa nambalazo aliyense wosunga seva ayenera kuzidziwa. Nambala 5 imawerenga tizigawo tomwe disiki yatitaya kale n'kutisinthanitsa ndi tina tapadera. Nambala 197 imawerenga tizigawo tomwe yalephera kuwerenga ndipo ikutikayikira. Nambala 198 imawerenga tomwe talephereratu. Nambala 199 ndi yosiyana ndi zinzake: ikamakwera, kawirikawiri vuto limakhala pa kachingwe kolumikiza disiki ku kompyuta, ndipo kusintha kachingweko kumakwanira. Pa disiki yathu 199 idali pa 0, koma 5 idali pa 112 ndipo 197 idali pa 24. Chodabwitsa n'chakuti pamwamba pa mndandandawo padali mawu akuti PASSED, ngati kuti zonse zili bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu 2007 akatswiri atatu a kampani ya Google, Eduardo Pinheiro, Wolf-Dietrich Weber ndi Luiz André Barroso, adafalitsa kafukufuku wa madisiki opitirira 100,000. Adapeza kuti disiki yomwe yapezeka koyamba ndi malo osawerengeka podziyeza yokha imakhala ndi mpata wofa m'masiku 60 otsatira wochuluka ka 39 kuposa disiki yopanda vutoli. Adapezanso kuti madisiki 36 mwa 100 alionse omwe adafa sadaonetse cholakwika chilichonse pa nambala za SMART. Phunziro lake ndi lapawiri: nambala zikaipa zikhulupirire msanga, koma zikaoneka bwino usagone tulo.

Tsono taganizirani tikadafomata Loweruka lija. Nthano zikadapita, limenelo n'losachita kufunsa. Koma palinso china chomwe ambiri sachidziwa. Munthu ukalemba zatsopano pa kachigawo kokayikitsa, disiki imakalembanso kapena kukasinthanitsa ndi kapadera, ndipo nambala 197 imatsika. Makina amaoneka ochira kwa masabata angapo, wofomata uja amatamandidwa, ndipo mwini wake amaikanso zinthu zake zamtengo wapatali pa disiki yomwe ikupita kumanda. Kufomata kukadaphimba chilonda chathu ndi nsalu yoyera osachitsuka.

M'malo mwake ndidazimitsa ma VM onse, amalume adandibwereka ndalama, ndipo ndidagula disiki ina. Lamulo loyamba pa disiki yodwala ndi lakuti usayese kuikonza usanaikopere. Ndidagwiritsa ntchito pulogalamu ya GNU ddrescue, yomwe imayamba yakopera malo onse osavuta, malo oonongeka n'kuwabwerera pomaliza. Imalembanso mapu a pomwe yafika, motero magetsi akazima imadzapitirira pomwe idalekezera. Kwa ife mapu amenewa ndiwo adatipulumutsa, pakuti ntchitoyo idatenga mausiku atatu. Pomaliza malo okwana mamegabayiti 3 adakanika kuwerengeka. Mabuku a amayi adatuluka athunthu. Nthano 40 zidatuluka zathunthu. Zithunzi zingapo zidaonongeka, ndipo nthano imodzi idataya pafupifupi mphindi 2 za pakati. Disiki yodwala imaonongekerabe ikamagwira ntchito, ndipo ine ndidaikakamiza sabata yonse ndi kuzula chingwe kuja. Mlandu wa mphindi ziwirizo ndi wanga.

Chifukwa changa chachiwiri ndi chakuti ngakhale pomwe kufomata kungathetsedi vuto, mtengo wake ndi waukulu ndipo munthu amatulukamo ali mbuli ngati kale. Patapita miyezi ingapo ndidagula disiki yachiwiri yoti izisunga kope la mafayilo. Malo olumikizira adali atatha, choncho ndidaika kakhadi koonjezera malowo m'kati mwa kompyuta. Nditayatsa, seva idasowa pa netiweki. Tsamba loyendetsera Proxmox silidatseguke, ma VM onse adali zii. Mtima udathamangira ku disiki yatsopano, ndipo mawu a mnzanga aja adandibwereranso m'mutu. Koma nthawi imeneyi ndidali nditaphunzira kuti vuto la netiweki limafufuzidwa ngati kukwera makwerero, kuyambira pansi.

Sitepe yoyamba ndi chingwe: kodi kanyale ka pomwe chalowera kakuyaka? Chingwe cha netiweki chili ndi timawaya 8. Liwiro la mamegabiti 1,000 pa sekondi limafuna tonse, pomwe la 100 limafuna 4 tokha, choncho khoswe akaluma kawaya kamodzi netiweki ingathe kumagwirabe koma mochedwa kakhumi, ndipo lamulo lakuti ethtool limaonetsa liwirolo. Sitepe yachiwiri ndi adiresi: kodi makina ali nayo? Laputopu ikaonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti idapempha adiresi kwa rauta osayankhidwa, n'kungodzipatsa yokha. Sitepe yachitatu ndi kugogoda pa rauta ndi lamulo la ping, kapulogalamu komwe Mike Muuss adalemba mu 1983, komwe kamatumiza uthenga waufupi n'kudikira yankho. Yachinayi ndi kugogoda kunja, mwachitsanzo pa 8.8.8.8, adiresi ya Google. Yomaliza ndi kuitana malo a pa intaneti ndi dzina. Nambala ikamayankha koma dzina osayankha, vuto lili pa DNS, njira yomwe imasandutsa mayina kukhala nambala. Sitepe iliyonse yomwe yayenda bwino imachotsa oganiziridwa angapo pa mlandu.

Ndidalumikiza seva ku wailesi yakanema ya pabalaza n'kubwereka kiyibodi. Chingwe chidali bwino ndithu, pakuti nditachilowetsa mu laputopu chidagwira. Koma nditalemba ip link ndidaona kuti khomo la netiweki, lomwe kale linkatchedwa enp2s0, tsopano likutchedwa enp3s0. Linux yamakono imatcha makomo amenewa potengera malo omwe ali pa mzere wa zipangizo za m'kati, ndiye kakhadi kanga kaja kadalowerera pamzerepo n'kukankhira khomolo kutsogolo. Mlatho womwe ma VM onse amadutsira popita kunja, wotchedwa vmbr0, udali ukufunabe dzina lakale m'fayilo ya /etc/network/interfaces. Ndidasintha 2 kukhala 3. Vuto lonse lidali nambala imodzi. Ndivomere kuti apa kufomata kukadathandiza, chifukwa Proxmox yatsopano ikadalemba dzina latsopanolo yokha. Koma ndikadataya tsiku lonse ndikumanganso zipinda zitatu, ndikadakhulupirira bodza lakuti makina adangobalalika okha, ndipo tsiku lomwe ndikadachotsa kakhadiko vuto likadabweranso n'kundipeza ndili chimodzimodzi.

Vuto lina la netiweki lidandiseketsa nditalimvetsa. Seva inkasowa Loweruka ndi Lamlungu pokha. Zidapezeka kuti adiresi yomwe ndidaipatsa kuti ikhale yake mpaka kale idali m'gulu la maadiresi omwe rauta imagawira alendo, ndipo msuweni wanga akabwera kudzacheza foni yake inkalandira adiresi yomweyo. Nyumba ziwiri zidali ndi nambala imodzi, makalata n'kumasochera. Ukadafomata kakhumi, msuweniyo akadabwerabe Loweruka.

Nkhani ya msuweniyi yandifikitsa pa chifukwa chachitatu: pali matenda ena omwe kufomata sikuwafikira n'komwe. Tsiku lina m'mawa VM yanga yophunziriramo idaima, pambali pake pali mawu akuti io-error. Nditaona mawu amenewa m'mimba mudatentha, poganiza kuti SSD nayo yayamba kufa. Koma smartctl idaonetsa nambala zabwino ndipo kaundula sadatchule kachigawo koonongeka. Lamulo lakuti lvs ndilo lidaulula: nkhokwe yomwe ma VM amatapamo malo idali itadzaza 100 peresenti. Proxmox imalola munthu kulonjeza ma VM malo ambiri kuposa omwe alipodi, poganiza kuti onse sangadzaze nthawi imodzi. Ine ndidali nditalonjeza mopitirira, ndiponso ndinkasunga zithunzi zakale za ma VM zotchedwa snapshot, zomwe zimadya malo mwakachetechete. Nditawafotokozera amayi adaseka nati, "Ndiye wakongoza ndalama zomwe mulibe m'bokosi." Makina sadaonongeke. Adaimitsa VM dala atasowa polemba, kuti mafayilo asaonongeke. Nditafufuta ma snapshot akale, VM idapitirira pomwe idaimira. Kufomata kukadakhuthula nkhokwe kwa kanthawi, koma chizolowezi cholonjeza mopitirira chidali mwa ine, osati pa disiki.

Tsiku linanso, magetsi atasowa nthawi yaitali, ma VM onse atatu adakana kuyaka, uthenga ukunena kuti KVM palibe. KVM ndi gawo la Linux, lomwe lidalowamo mu 2007, limene limagwiritsa ntchito luso lapadera la purosesa poyendetsa ma VM. Pa makina a Intel lusoli limatchedwa VT-x, ndipo limatsegulidwa kapena kutsekedwa mu BIOS. Chomwe chidandipatsa nzeru chidali deti: seva inkaonetsa chaka cha kalekale. Pa bolodi ya kompyuta pamakhala kabatire kozungulira ngati kobiri, ka mavoti 3, kotchedwa CR2032, komwe kamasunga nthawi ndi zosankha za BIOS magetsi akachoka. Kathu kadali katatha, BIOS idabwerera m'mene idachokera kufakitale, ndipo VT-x idatsekeka. Kabatire katsopano ndi mphindi zisanu mu BIOS zidathetsa nkhani. BIOS sikhala pa disiki, choncho wofomata akadafufuta zonse n'kupeza uthenga womwewo ukumudikira.

Ena anganditsutse, ndipo zifukwa zawo si zopanda pake. Choyamba anganene kuti nthawi ndi ndalama: wokonza makompyuta ali ndi makasitomala pa mzere, sangakhale maola atatu akuwerenga kaundula. Anganenenso kuti makampani akuluakulu nawo sanyengerera seva yodwala, amangoifufuta n'kumanga ina. Izi n'zoona, koma makampaniwo amatero chifukwa mafayilo awo amakhala kwina, ndipo seva yomwe akufufutayo imakhala chigoba chabe. Pakhomo sizili choncho. Sindikunena kuti kufomata n'koletsedwa mpaka muyaya. Makina omwe alowedwa ndi akuba a pa intaneti, mwachitsanzo, ndi bwino kuwamanga mwatsopano. Ndikunena kuti kufomata kuzibwera pomaliza, munthu atayankha mafunso awiri: kodi chavuta n'chiyani, nanga kope la mafayilo lili kuti? Kuthamanga sikufika. Maola atatu owerenga kaundula ndi ochepa poyerekeza ndi zaka ziwiri zomwe ndidayenda ku Jali ndi foni m'manja.

Chachiwiri anganene kuti seva yapakhomo ndi kudzivutitsa chabe, bwanji osangoika zonse pa intaneti, pomwe Google imapereka magigabayiti 15 aulere? Yankho langa ndi lakuti zithunzi ndi mawu a banja lathu zidapitirira malo amenewo kalekale, ndipo kuzikweza ndi kuzitsitsa kumadya bandulo. Komanso zomwe timati zili pa intaneti zimakhala pa makompyuta a munthu wina, omwe nawo amaonongeka. Mu Malichi 2021 nyumba yosungira maseva ya kampani ya OVH ku Strasbourg m'dziko la France idapsa, ndipo makasitomala ena omwe adalibe kope kwina adataya zinthu zawo. Pa 31 Januwale 2017 katswiri wa kampani ya GitLab adafufuta molakwitsa magigabayiti pafupifupi 300, ndipo atathamangira ku makope awo adapeza kuti njira zingapo zosungira sizinkagwira ntchito, mpaka ntchito ya maola pafupifupi 6 idatayika. Komabe otsutsawa ali ndi mfundo imodzi yomwe ndikuilandira ndi manja awiri: chinthu chamtengo wapatali chisakhale pamalo amodzi. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, adafalitsa lamulo lotchedwa 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi lili kunja kwa nyumba. Lero nthano za agogo zili pa seva, pa disiki yomwe imakhala kwa amalume, ndiponso pa intaneti. Mwezi uliwonse ndimatsegula fayilo imodzi ya pa kope n'kuimvera, pakuti kope lomwe sunaliyese ndi chiyembekezo chabe. Ndidagulanso UPS yaing'ono, batire lomwe limapatsa seva mphindi zochepa zoti izime yokha mwadongosolo magetsi akachoka.

Kutsutsa kwachitatu kumandikhudza kwambiri monga wophunzira zilankhulo. Anthu amati kaundula wa makinawa ali m'Chingerezi chovuta, ndiye munthu wamba angamumve bwanji? Ndikuganiza kuti mbali ina ya chizolowezi chofomata imachokera pomwepa. Munthu akaona mizere yomwe sakuimva amachita mantha, ndipo kufufuta kumakhala njira yothawira manthawo. Koma mizere yofunika si yambiri, ndipo tanthauzo lake limatheka kulifotokoza m'Chichewa, monga ndayesera m'nkhani ino. Pamwamba pa seva yathu pali kope la masamba 80. Vuto lililonse ndimalilemba m'Chichewa pa mizere isanu: tsiku, chomwe chidaoneka, chomwe kaundula adanena, chinthu chimodzi chomwe ndidasintha, ndi zotsatira zake. Ndimati chinthu chimodzi chifukwa ukasintha zitatu nthawi imodzi, makina akachira sudziwa chomwe chawachiritsa, ndipo akaipiraipira sudziwa choti ubweze. Chaka chatha ndili kuno kusukulu seva idasowanso pa netiweki. Mlongo wanga uja, yemwe kale ankangoti netiweki yafa, adatsegula kopelo, natsata makwerero kuyambira pansi, napeza kuti kachingwe kadasomphoka wina akusesa. Adandiimbira atamaliza kale. Ngati mwana wa sekondale angathe kutero ndi kope la Chichewa, ndiye kuti chomwe chimatilepheretsa si nzeru, koma kusowa kwa omasulira. Imeneyi ndi ntchito yomwe ife a zilankhulo sitiyenera kuisiyira a sayansi okha.

Pomaliza, pempho langa likupita kwa ophunzira anzanga omwe mumasunga kafukufuku wanu pa laputopu imodzi kapena pa kompyuta yakale yakunyumba, komanso kwa anzathu omwe mumakonza makina a ena. Makina akavuta, yambani mwazimitsa ndi kukopera zomwe simungazipezenso. Kenako werengani zomwe makinawo alemba okha. Fufuzani kuyambira pansi: magetsi, disiki, chingwe, adiresi, kenako VM ndi mapulogalamu ake. Sinthani chinthu chimodzi, lembani zomwe mwachita. Mukapita kwa wokonza n'kukuuzani kuti ingoifomatani, mufunseni mwaulemu kuti wapeza vuto lanji. Akalephera kuyankha, nyamulani makina anu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo madzi akatayika saoleka.

Nthano yoduka ija ndimaimverabe nthawi zina. Agogo amafika pomwe kalulu watsikira kuchitsime usiku, mawu n'kuduka. Pakapita mphindi ziwiri amabwerera nyama zonse zitasonkhana kale pa bwalo, ife ana tikuvomera kuti tili tonse. Zomwe zidachitika kuchitsimeko ndafunsa amayi ndi amalume, ndipo aliyense amazikamba mosiyana. M'mene agogo adazikambira usiku umenewo palibenso amene adzamve. Ndidataya mphindi ziwiri chifukwa cha sabata imodzi yochita zinthu osafunsa. Ndikadamvera mnzanga uja ndikadataya nthano 41.